Cholinga chokha sichigulitsa manachesi

Alimi anzathu, chaka chilichonse miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi ikafika, msewu wochokera ku Zalewa kukafika pa chipata cha Mwanza umadzaza ndi manachesi. Madengu amandandalika m'mbali mwa msewu, magalimoto opita ku Blantyre ndi ku Lilongwe amanyamula mpaka kupendekeka, ndipo alendo odutsa amati anthu a ku Mwanza ndi odala. Koma ife amene timakhala kuno tikudziwa kuti pofika Okutobala mabanja ambiri amene anathyola zipatsozo amakhala atayamba kale kusaka ganyu, ena ali pakhomo pa wakatapila. Zipatso zimapita, ndalama osaoneka kumene zalowera.

Kodi vuto ndi loti alimi a kuno alibe masomphenya? Ayi ndithu. Pitani pa msonkhano wa kalabu iliyonse, kaya ku Thambani kaya ku Kunenekude, mufunse anthu zimene akufuna. Wina adzati nyumba ya malata, wina njinga yamoto, wina fizi ya mwana wa ku sekondale, ndipo onse pamodzi adzati fakitale ya juwisi. Zolinga tili nazo zodzaza nkhokwe. Chimene chikutisowa ndi zinthu zina ziwiri zimene sitikonda kuzikamba chifukwa sizisangalatsa pa msonkhano, ndizo dongosolo ndi chizolowezi. Ife a bungwe lino tikuti nthawi yakwana yoti tisiyanitse zinthu zitatuzi, pakuti kuzisokoneza n'kumene kukutidyetsa njala pakati pa zipatso.

Zinthu zitatu zosiyana

Cholinga ndi kumene munthu akufuna kukafika. Dongosolo ndi njira yokhazikika imene anthu agwirizana: ndani achita chiyani, tsiku liti, ndi sikelo iti, ndalama zisungidwa kuti, ndipo wophwanya pangano atani naye. Chizolowezi ndi zimene munthu amachita yekha tsiku ndi tsiku popanda womukumbutsa, ngati mmene mayi amatsekera khola la nkhuku dzuwa likamalowa.

Kuti timvetse bwino, tiyeni tiyang'ane venda amene timamudandaula chaka ndi chaka. Iye ndi ife cholinga chathu n'chimodzi, kupeza ndalama pa manachesi. Nanga bwanji iye amapindula, ife n'kumatsala? Chifukwa iye ali ndi dongosolo. Amadziwa mtengo wa ku Limbe asanadzuke n'komwe, pakuti ali ndi mnzake womuimbira foni. Ali ndi mpamba umene sausakaniza ndi ndalama za ndiwo. Anapangana kale ndi mwini galimoto. Amadziwanso mwezi umene m'nyumba mwathu mumakhala mulibe ufa, ndipo ndi mwezi womwewo umene amafika kudzagula mtengo wonse zipatso zikadali zosapsa. Zimenezi si nzeru zakuya kapena mankhwala. Amangochita zinthu zomwezomwezo chaka chilichonse, pamene ife chaka chilichonse timayamba ngati alendo.

Mlimi amene wapindula ndi mlimi amene waluza onse anayamba chaka ndi cholinga chofanana. Choncho si cholinga chimene chinawasiyanitsa. Cholinga n'chofunika, pakuti chimatiuza kolowera. Koma chikatha kutiloza njira, ntchito yake yathera pomwepo.

Phunziro la nandolo

Ambiri a ife sitinaiwale za nandolo. M'zaka za 2014 ndi 2015 mvula inavuta ku India, dziko limene limagula nandolo wambiri wa kuno, ndipo mtengo unakwera kwambiri. Aliyense anaika cholinga pa nandolo. Ena anachepetsa chimanga, ena anabwereka minda. Kenaka alimi a ku India anakolola zochuluka, ndipo mu Ogasiti 2017 boma la dzikolo linalamula kuti nandolo wolowa kuchokera kunja asapitirire matani 200,000 pa chaka. Mtengo kuno unagwa ngati mwala, mpaka anthu ena kumangosiya nandolo m'munda poona kuti ndalama yolipira okolola siibwerera.

Tisanamizane, palibe kalabu ya ku Mwanza imene ikanaletsa boma la India kupanga lamulo lake. Komabe kugwa kwa mtengo sikupweteka anthu onse mofanana. Banja limene linazolowera kulima mbewu zingapo silitaya zonse pa tsiku limodzi. Gulu limene lili ndi posungira pabwino, ndi matumba osalowa mpweya monga a PICS amene amapha anankafumbwe popanda mankhwala, silikakamizika kugulitsa sabata imene aliyense akugulitsa. Mlimi amene amalemba zimene walowetsa m'munda amadziwa mtengo umene sangatsike kuposa pamenepo. Amene alibe zonsezi amangolandira chimene wogula wanena, n'kuthokozanso.

Mu 2021 maiko a Malawi ndi India anasainirana mgwirizano wa zaka zisanu woti India azigula nandolo wokwana matani 50,000 pa chaka kuchokera kuno. Inali nkhani yabwino, koma tidzifunse kuti anadyerera ndani. Kampani yotumiza katundu kunja siifuna ndowa ziwiri. Imafuna matani, nandolo wouma bwino, wopanda miyala, wa mtundu umodzi, pa tsiku limene mwapangana. Mitundu yabwino ilipo, monga Mwaiwathualimi, Kachangu ndi Sauma, kuphatikizapo Mthawajuni amene tinamuzolowera. Koma ngati m'kalabu imodzi aliyense wabzala zake, wakolola nthawi yake, wagulitsa yekha pa njinga, msika waukulu umadutsa pamwamba pathu ngati mtambo wopanda mvula, phindu n'kutsalira kwa amene anasonkhanitsa.

Manachesi sadikira

Nandolo angathe kusungidwa miyezi. Manachesi sadikira munthu. N'chifukwa chake pa chipatsochi dongosolo liyenera kukonzedwa zipatso zisanapse. Kalabu imene ikufuna kupindula mu Juni iyenera kukhala pansi mu Febuluwale. Iwerenge mitengo ya membala aliyense ndi kuyerekeza madengu amene atuluke. Isankhe anthu awiri kapena atatu okafuna ogula ku Blantyre, ku Zomba ndi ku Lilongwe, m'masitolo, m'mahotela ndi kwa ogulitsa m'misika ikuluikulu. Igawe masiku othyola kuti mudzi wonse usakhuthulire zipatso pa msewu tsiku limodzi. Ipangane za galimoto imodzi m'malo moti aliyense azilipira yekha. Ndipo iike zipatso m'magiredi, zazikulu pazokha, zazing'ono pazokha, monga alimi a fodya amachitira, chifukwa dengu losakaniza limagulidwa pa mtengo wa chipatso chonyozeka kwambiri chimene chili m'menemo.

Koma dongosolo lotere limagwa ngati kumunda kulibe zizolowezi zolichirikiza. Titchulepo zochepa. Ntchentche za zipatso zimaikira mazira m'kati mwa chipatso, mphutsi zimadya, chipatso chimagwa, kenaka mphutsi zija zimalowa m'nthaka n'kutulukamo zili ntchentche zatsopano. Mlimi amene amatola zipatso zakugwa kawiri kapena katatu pa sabata, n'kuzikwirira m'dzenje lakuya kapena kuzimangira m'thumba lakuda la pulasitiki padzuwa, amadula mzere umenewu popanda kugula mankhwala. Koma akatola yekha, anzake oyandikana naye osatola, ntchentche sizidziwa malire a munda. Apa m'pamene chizolowezi cha munthu mmodzi chimafunika kusanduka lamulo la gulu.

Chimodzimodzinso kathyoledwe. Kugwedeza mtengo kapena kukoka chipatso mpaka khungu kung'ambika pa phata kumatsegulira njira kuola, ndipo dengu lotero silifika ku Lilongwe lili bwino. Kudula ndi kasizasi kumatenga nthawi, koma chipatso chimakhalitsa. Kudulira nthambi zouma tikatha kukolola, kuthira manyowa, kuphimbira pansi pa mtengo kuti chinyezi chisathawe, zonsezi ndi ntchito zimene palibe amene amaziombera m'manja.

Ndiye pali nkhani ya mitengo yokalamba. Mitengo yambiri imene tikudyera lero anabzala ndi makolo athu. Mbande yomezanitsa pa tsinde la mandimu imayamba kubereka pakatha zaka zitatu kapena zinayi, pamene mtengo wochokera ku njere umachedwa kwambiri. Amene akuti adzabzala munda watsopano wa mitengo 100 akadzapeza ndalama, ameneyo ali ndi cholinga. Amene amabzala mbande 10 mvula iliyonse ikayamba, n'kumazithirira m'chilimwe, ameneyo ali ndi chizolowezi, ndipo pakatha zaka 10 mitengo 100 ija ali nayo. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Za fakitale

Tikudziwa kuti mawu akuti fakitale amakoma m'khutu, makamaka nthawi ya kampeni. Ifenso tikuifuna, pakuti si chanzeru kuti zipatso ziziola kuno pamene m'masitolo a m'tauni muli juwisi wochokera kunja. Koma fakitale ndi denga, ndipo denga silikhala pamwamba popanda zipupa. Makina amafuna zipatso zokwanira tsiku lililonse, magetsi odalirika, madzi aukhondo, chiphaso cha a Malawi Bureau of Standards, munthu wosunga mabuku, ndiponso chochita m'miyezi imene manachesi kulibe. M'dziko muno taona makina operekedwa ndi mapulojekiti osiyanasiyana atatsekeredwa m'nyumba, akangaude atamanga, chifukwa gulu linalandira makina lisanaphunzire kugulitsa pamodzi ngakhale dengu limodzi.

Ndondomeko ya One Village One Product, imene inafika m'Malawi mu 2003, inayambira m'chigawo cha Oita ku Japan mu 1979. Mfundo yake yaikulu kumeneko inali kudzidalira ndi kuphunzitsa anthu mpaka katundu wawo akhale wabwino mofanana nthawi zonse. Makina ankabwera pambuyo. Ife tikamayamba ndi makina, ndiye kuti tikumanga nyumba kuyambira ku denga.

Dongosolo si chinthu chachilendo

Ena amaganiza kuti dongosolo ndi za anthu ophunzira a m'maofesi. Si zoona. Mu 1844, m'tauni ya Rochdale ku England, anthu 28 ogwira ntchito zamanja, ambiri a iwo owomba nsalu, anasonkha tindalama tochepa n'kutsegula kasitolo kogulitsa ufa, shuga, batala ndi zina zochepa. Magulu ena otere anali atayambapo kale n'kugwa. Chimene chinasunga gulu la Rochdale ndi malamulo ake: sikelo yachilungamo, kugula ndi ndalama osati ngongole, membala aliyense voti imodzi, ndi kugawana phindu molingana ndi mmene munthu wagulira. Makopaletivi a padziko lonse, kuphatikizapo amene amalembetsedwa kuno pansi pa lamulo la makopaletivi la 1998, anatengera pa mfundo zimenezo.

Tisapite kutali. Anzathu oweta ng'ombe zamkaka ku Thyolo, ku Chiradzulu ndi ku Blantyre amapereka mkaka ku malo osonkhanitsira tsiku lililonse. Mkaka umayezedwa, wothira madzi umabwezedwa, malita amalembedwa m'buku pa dzina la mwini wake, ndipo kampani imatumiza galimoto chifukwa ikudziwa kuti ipeza katundu. Mavuto a mitengo ali nawo, koma wogula amawalondola, ndipo akafuna kudandaula amadandaula ndi mawu amodzi.

Chitsanzo chachitatu chili m'midzi mwathu momwemuno. Banki m'khonde, imene bungwe la CARE linaiyambitsa ndi amayi a ku Niger mu 1991, ilibe ofesi kapena manijala. Ili ndi tsiku lokumana losasintha, bokosi la maloko atatu amene makiyi ake amasunga anthu atatu osiyana, ndalama zowerengedwa pamaso pa onse, ndi chindapusa kwa wochedwa. Amayi athu akuyendetsa dongosolo limeneli chaka ndi chaka. Nanga n'chifukwa chiyani tikafika pa kugulitsa mbewu, mwambo womwewo timausiya pa khonde? Ndipo n'chifukwa chiyani amayi omwewo, amene aonetsa kuti amatha kusunga buku ndi bokosi, sitiwasankha kukhala asungichuma ndi apampando a makalabu ogulitsa?

Boma nalonso limve

Matenda okonda zolinga si a alimi okha. Mu 1998 dziko lino linakhazikitsa masomphenya a Vision 2020, amene ankati pofika chaka cha 2020 Malawi adzakhala dziko lopeza bwino pakatikati. Chaka cha 2020 chinafika n'kutipeza tikadali m'gulu la maiko osaukitsitsa. Mu 2003 atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Maputo kuti aziika 10 peresenti ya bajeti ku ulimi. Malawi kwa zaka zambiri anafikira mlingo umenewu, koma gawo lalikulu linkapita ku feteleza wotsika mtengo, kuyambira pa makuponi a 2005, pamene ulangizi, kafukufuku, misewu ya kumidzi ndi misika zinkalandira zotsala. Mu 2022 boma linaimitsa ntchito za ADMARC, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1971, kuti liikonzenso, ndipo alimi m'madera ambiri anatsala m'manja mwa mavenda. Mu Januwale 2021 tinalandira masomphenya ena, Malawi 2063, amene nsanamira yake yoyamba ndi ulimi waphindu ndi wamalonda. Mawuwo ndi abwino. Koma mlimi wa ku Thambani sadzayeza masomphenya ndi kukongola kwa buku. Adzayeza ndi zimene zimachitika tsiku la msika.

N'chifukwa chake ife sitikupempha lonjezo lina. Tikupempha zinthu zimene zimachitika mobwerezabwereza. A Malawi Bureau of Standards, amene ali ndi udindo woyeza masikelo, azifika m'misika ya boma lino nyengo yogula mbewu isanayambe ndiponso ili mkati, ndipo khonsolo isamalole wogula wa sikelo yosayezedwa. Taganizani, sikelo ikamaba makilogalamu 2 pa thumba lililonse la makilogalamu 50, mlimi amene wagulitsa matumba 25 wapereka thumba lathunthu ulere. Mitengo yoyambira imene unduna wa zaulimi umalengeza chaka ndi chaka izikhala ndi woilondola, isamathere pa wailesi. Khonsolo ya Mwanza, imene imatolera ziphaso m'misika, ibweze gawo la ndalamazo pomanga mashedi oti zipatso zisamapse ndi dzuwa ndi kukonza misewu ya kumidzi nyengo yokolola isanafike. Alangizi akhale okwanira, okhala ndi choyendera, ndipo ena mwa iwo akhale odziwa za zipatso ndi za malonda, osati chimanga chokha. Pakhalenso nazale zodalirika za mbande zomezanitsa, mothandizana ndi akatswiri a ku malo ofufuzira za ulimi a Bvumbwe.

Kuyambira mu 2000 ndondomeko ya boma ya ulangizi imanena kuti alimi ndi amene aziitanitsa thandizo limene akufuna, kudzera m'makomiti a zaulimi a m'midzi, a m'madera ndi a pa boma. Mipando imeneyi ndi yathu. Tikapanda kukhalapo, ena adzatiyankhulira.

Zimene kalabu iliyonse iyambe

Kwa inu atsogoleri a makalabu, amayi ndi abambo, tikupempha kuti msonkhano ukubwerawu musauthere pa kutchula zimene mukufuna. Sankhani cholinga chimodzi chokha, chooneka ndi chowerengeka, monga kugulitsa pamodzi theka la manachesi kapena la nandolo wa mamembala chaka chino. Mukatero, nthawi yotsalayo mukambirane izi.

Choyamba, tsiku lokumana likhale lodziwika ndi losasintha, kaya kuli mlendo wa pulojekiti kaya kulibe, kaya kuli alawansi kaya kulibe.

Chachiwiri, kalabu ikhale ndi buku limodzi ndi sikelo imodzi yoyezedwa, ndipo buku liziwerengedwa mokweza pamaso pa onse mwezi uliwonse. Ndalama zobisika ndi zimene zimapha magulu.

Chachitatu, mugwirizane chochita ndi membala wogulitsa kumbali. Koma musanamulange, funsani chimene chinamugulitsitsa. Kawirikawiri ndi njala, matenda kapena fizi. Kalabu yanzeru imalumikiza kugulitsa pamodzi ndi banki m'khonde, kuti wovutika mu Febuluwale abwereke ku gulu m'malo mogulitsa mtengo wonse kwa venda.

Chachinayi, banja lililonse likhale ndi kope la sukulu lolembamo zolowa ndi zotuluka: mbewu, feteleza, ganyu, mayendedwe, ndi zimene lagulitsa. Ngati makolo kulemba kumawavuta, mwana wa sitandade 6 angathe. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene ankangowerenga ndalama za m'thumba ankaona ngati wapeza zambiri kuposa chaka chatha, osadziwa kuti matumba a feteleza amene angagule achepa. Kope ndi limene limaulula zoona.

Chachisanu, mukagulitsa, patulani za mbewu ndi zipangizo za chaka chamawa tsiku lomwelo, zotsalazo ndiye zilowe m'nyumba. Ndipo mwamuna ndi mkazi awerengere limodzi, pakuti onse anatuluka thukuta.

Dziwaninso kuti mapulojekiti akuluakulu othandiza ulimi wamalonda, monga AGCOM imene boma linaiyambitsa ndi thandizo la World Bank, akhala akufuna gulu lolembetsedwa, lotha kusonkha gawo lake, ndiponso lokhala ndi wogula amene lapangana naye. Gulu lopangidwa usiku umodzi chifukwa lamva kuti kukubwera ndalama silikwanitsa zimenezi. Mwayi umapeza amene mabuku awo ali kale m'malo.

Tikudziwa kuti ena anena kuti dongosolo silingaletse chilala kapena namondwe. N'zoona. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 ndi ng'amba ya 2024 zinagwetsa ngakhale alimi akhama. Tikudziwanso kuti munthu wanjala n'kovuta kumuuza kuti adikire mtengo wabwino. Koma n'chifukwa chomwecho tikulimbikira za gulu. Chaka choipa chimapeza aliyense, koma amene ali ndi thumba la gulu, mbewu zingapo ndi mbiri yolembedwa amadzuka msanga kuposa amene ali yekha. Mutu umodzi susenza denga.

Boma la Mwanza lili pa msewu waukulu wopita ku Tete ndi ku Zimbabwe, Blantyre ali pafupi, ndipo dzina la manachesi athu likudziwika m'dziko lonse popanda kulipira wotsatsa malonda. Zimene anzathu a m'maboma ena amazilakalaka ife tili nazo kale. Chatsala ndi ntchito zazing'ono zosatchuka: kutola zipatso zakugwa, kulemba m'kope, kufika pa msonkhano, kuyeza pa sikelo imodzi, ndi kufunsa khonsolo funso lomwelo mwezi ndi mwezi mpaka iyankhe. Atsogoleri a m'madera, tikuyembekezera kuti pa msonkhano wotsatira wa bungwe lino kalabu iliyonse idzabwere ndi buku lake m'manja, ndipo tidzayambira pamenepo.